Manambala Mazana Atatu a Bambo Halo

Pakhomo la msika, pakati pa wosoka nsapato ndi mayi wina wogulitsa nthochi, panali ambulera yaikulu yofiira, ndipo pansi pake pankakhala bambo amene tauni yonse inkawatchula kuti a Halo. Dzina lawo lenileni linalipo, lalitali bwino ndiponso laulemu, koma linkangogona m'chiphaso cha boma. Olidziwa anali akazi awo, apongozi awo ndi ofesi imene inawajambula chithunzi basi.

A Halo anayamba kale ntchito ya mafoni, foni za m'manja zikadali zitatu m'tauni monsemo: ya dokotala, ya mwini sitolo yaikulu, ndi yawo. Chinali chifoni chonga njerwa, choti ukachiponyera galu sangadzukenso. Anthu ankaima pamzere kuti aimbire abale awo akutali, ndipo poganiza kuti mawu amafunika kukankha kuti akafike, aliyense ankakuwa kuti “Halo! Halo!” mpaka mitsempha ya m'khosi kutukumuka. Dzina linachokera pamenepo.

Zaka zinapita, mafoni anachepa thupi n'kutsika mtengo. A Halo anawaona ndi maso awo akuchoka m'manja mwa mabwana, kulowa m'matumba mwa aphunzitsi, kutsikira kwa onyamula katundu, mpaka tsiku lina anamva nyimbo ikulira pachifuwa pa mayi wa nthochi, mayiyo n'kupisa dzanja m'bulauzi osayang'ana uku kapena uku. Pamzere woimba foni panauma. A Halo sanalire nazo. Anayamba kugulitsa mayunitsi okanda ndi chikhadabo, kenako masimu, timakhadi tating'ono timene timapatsa foni nambala. Chaka chilichonse ogula ankachuluka kuposa chaka chatha, ndipo mimba ya a Halo inkatsatira pambuyo.

Patatha zaka makumi awiri panabwera vuto limene palibe analilota: anthu anatha. Osati kufa ayi, koma aliyense anali nayo kale nambala. Wosoka nsapato anali nazo ziwiri, ina yoimbira akazi ake, ina yoimbira anthu amene sankafuna kuti akazi akewo awadziwe. Wopemphetsa wa pakona ankayamba wazimitsa foni asanatambasule dzanja. A Halo ankatha tsiku lonse akuingitsa ntchentche pa masimu.

Lolemba lina kunabwera kapitawo wa kampani ya mafoni, mwamuna wa tayi yothina amene ankanunkhira ngati sopo watsopano. Anatambasula pepala patebulo la a Halo. Papepalapo panali mzere wokwera ngati njoka yokwera mumtengo.

“Madala, mukuuona mzerewu? Awa ndi manambala olembetsedwa m'dziko muno chiyambire. Sunatsikepo ngakhale chaka chimodzi. Ndiye sungayambire pa ine.”

“Nanga anthuwo ndiwatenge kuti, bwana? Ndiwabereke?”

“Zimenezo mukakambirane ndi amayi kunyumba. Ine ndikufuna manambala atsopano. Mukalephera, ambulerayi tipatsa wina wamagazi otentha.”

Lamulo la nthawi imeneyo linali loti simu iliyonse ilembetsedwe ndi chiphaso cha mwini wake. Wogulitsa ankajambula chiphasocho ndi kamakina ka kampani, dzina n'kulowa, nambala n'kutseguka. Lamulo limeneli ndi limene linkawabwezera a Halo ogula ochepa amene ankabwera. Wina ankati waiwala chiphaso kunyumba, wina chinachapidwa pamodzi ndi thalauza, winanso ankangoyang'ana kumbali n'kunena kuti abweranso mawa.

Lachitatu la sabata yomweyo panaima dalaivala wa lole, injini ikulira kutsidya kwa msewu.

“Madala, simu imodzi msangamsanga. Foni andibera, ndipo chiphaso chili kwathu.”

A Halo anayang'ana dalaivalayo, anayang'ana lole, kenako anayang'ana m'mwamba mwa ambulera yawo. Anapisa m'thumba la malaya, natulutsa chiphaso chawo, n'kuchijambula. Kamakina kanameza osatsamwa. Dalaivala anathokoza mpaka kuvula chipewa.

Mbiri yabwino imayenda pansi, koma mbiri ya njira yachidule imakwera njinga yamoto. Mwezi usanathe tauni yonse inadziwa kuti kwa a Halo safunsa chiphaso. Ankabwera amayi amene ziphaso zawo zinasowadi, ophunzira a kukoleji, ogulitsa makala. Ankabweranso anthu ena a magalasi akuda, osakonda kucheza, ogula masimu atatuatatu. A Halo sankafunsa. Munthu akangoyamba kukanda m'mutu, iwo dzanja linali kale m'thumba la malaya.

Akazi awo anali telala, ankasokera pakhonde la nyumba, ndipo diso lawo linali lozolowera kuona ulusi wopotoka. Tsiku lina akusanthula matumba a malaya kuti achape, anapeza chiphaso chija chitafwifwa, m'mbali mwake mutadyeka.

“Bambo a kuno, chiphaso chanu chatha chonchi bwanji? Mukupalira nacho mapoto?”

A Halo anafotokoza monyadira, ngati munthu amene watulukira mankhwala a imfa. Mayiwo anaika sizasi pansi.

“Ndiye kuti kunjaku kuli anthu amene akuyenda ndi dzina lanu, inu osawadziwa?”

“Dzina silitha, mayi. Si sopo.”

“Si sopo, inde. Komanso si mchere woti aliyense wodutsa azipempha. Ine ndikasoka diresi ndimayamba ndayesa mwini wake. Inu mukuveka dzina lanu anthu amene simunawaone ngakhale m'maso.”

“Inu dziwani za mabatani,” anatero a Halo. “Za sayansi zisiyireni ife.”

Mayiwo anatola sizasi yawo. Makina osokera tsiku limenelo analira ngati akutukwana.

Kumapeto kwa chaka kampani inaitana ogulitsa onse kuholo. A Halo anaitanidwa kutsogolo monga wopambana m'chigawo chonse. Anawaveka kapusi, anawapatsa malaya olembedwa kumsana ndi ambulera yatsopano yokhala ndi mphonje. Kapitawo uja anawakumbatira pamaso pa anthu n'kunena kuti achinyamata aphunzire kwa madalawa. Sabata yotsatira wailesi ya wosoka nsapato inalengeza kuti manambala a foni m'dzikomo apitirira chiwerengero cha anthu, kuphatikizapo makanda.

“Mwamva?” anatero a Halo, akudziguguda pachifuwa. “Enawo ndine. Dziko lino likutukuka ndi thumba la malaya angawa.”

Chenjezo loyamba linabwera litavala epuloni yamagazi. Anali wogulitsa nyama wa kumsika wina, chimunthu cha mikono ngati ntchafu. Anali atapeza dzina pafoni ya mkazi wake, ndipo ankazungulira nalo kwa ogulitsa masimu onse. Anaima pamaso pa ambulera n'kutchula dzina lenileni la a Halo, lonse lathunthu, pang'onopang'ono ngati akulinola.

“Ndinu inu amene mumalembera mkazi wanga kuti milomo yake ndi uchi?”

A Halo analumbira pa manda a makolo awo, anaonetsa foni yawo yakale yomangidwa ndi labala, anaitana mayi wa nthochi kuti achitire umboni kuti iwo ngakhale uchi weniweniwo sadya. Wanyamayo anawayang'ana kuyambira kudazi mpaka kumapazi, naona mimba, naona imvi, n'kupukusa mutu.

“Ayi, sangakhale inu. Mkazi wanga ndi wopusa, koma osati chonchi.”

Munthu wina akanagona ndi mawu amenewo n'kudzuka wosinthika. A Halo anangowasandutsa nthabwala yosekera anzawo. Tsiku lomwelo lisanathe anagulitsa masimu ena asanu pa chiphaso chomwe chija.

Apongozi awo, mayi a akazi awo, anali amasiye kwa zaka khumi, munthu wapemphero ndiponso wosaseka wamba. Koma pa miyezi itatu yapitayo anali atasintha. Anayamba kudzola mafuta onunkhira, anasoketsa madiresi awiri kwa mwana wawo, ndipo foni ikangolira ankathamangira kuseri kwa nyumba ngati mtsikana. Mwana wawoyo ankangomwetulira, n'kumati mtima sukalamba.

Lamlungu lina masana apongoziwo anafika kunyumba kwa a Halo atavala diresi latsopano, koma nkhope ili ngati mitambo ya mvula. Anakana mpando, anakana tiyi. Anaika foni patebulo n'kuuza mwana wawo kuti awerenge mokweza.

Mayi telala anawerenga. “Wokondedwa wanga, mwadzuka bwanji? Ndalota mukuyenda m'munda wa maluwa.” Anatsikira pansi. “Njiwa yanga, maso anu andilanda tulo. Munganditumizireko timayunitsi kuti ndimve mawu anu?”

A Halo anaphulika nako kuseka. “Apongozi, zikukuyenderani! Mwamuna wamwayiyo ndani?”

“Ndani?” anatero apongozi. “Masiku onsewa ndimangogula mayunitsi n'kumulembera manambala ake. Lero ndati ndimutumizire ndalama pafoni pomwepa ngati mmene amachitira anzanga. Foni yandifunsa ngati ndikutsimikiza, n'kundionetsa dzina la mwini nambala. Onani nokha.”

A Halo anaweramira pafoniyo. Dzina lawo lenileni linali pamenepo, lalitali bwino ndiponso laulemu, lopanda chilembo chosowa. Kuseka kunawaumira kukamwa.

“Ine, amene ndinakupatsani mwana wanga,” anatero apongozi, “mukunditchula njiwa?”

“Apongozi, si ine! Ndi ine papepala pokha! Simuyo ndinagulitsa kwa munthu!”

“Munthu wake uti?”

M'mutu mwa a Halo munangodutsa nkhope zosawerengeka, zina za magalasi akuda, zonse zopanda maina. Anatembenukira kwa akazi awo kuti awapulumutse. Mayiwo ankadziwa bwino lomwe kuti amuna awo sangalembe za munda wa maluwa, munthu woti uthenga wake wautali kwambiri unali wakuti “ndachedwa, sungani ndiwo.” Koma anangopinda manja.

“Ine ndimadziwa za mabatani,” anatero. “Za sayansi fotokozani nokha.”

Kenako anatenga foni ya mayi awo n'kuimba nambala ija, mawu atawakweza kuti onse amve. Inalira kawiri. Kunayankha mwamuna wa mawu osalala ngati mafuta: “Halo, njiwa yanga.” Mayi telala atangonena kuti “Ndinu yani inu?” foni inaduka, ndipo ataimbanso inali yozimitsa.

Apa apongozi anakhala pampando umene anaukana uja. Anavula ndolo zawo n'kuziika m'chikwama mwakachetechete. A Halo anayesa kuwatonthoza kuti athokoze poti wakubayo wadziwika msanga.

“Khalani chete,” anatero mayi wachikulireyo. “Wabodza yemweyo ankandifunsa m'mawa uliwonse ngati ndadzuka bwino. Inu zaka zonsezi munandifunsapo?”

M'mawa mwake apongozi anapita kupolisi okha. Lachiwiri apolisi awiri anafika pa ambulera ya mphonje, ndipo a Halo anayenda pakati pawo kudutsa msika wonse atavala kapusi ya wopambana.

Mkulu wofufuza milandu anali mayi wa magalasi, wolankhula mofatsa. Patebulo pake panali chifayilo chonenepa ngati pilo.

“Takhala tikukufunani, bambo. Adiresi ya pa chiphaso chanu ndi ya nyumba imene inagumulidwa kalekale. Mukanapanda kufunsira apongozi anu sitikanakupezani. Mukudziwa kuti muli ndi manambala angati?”

“Mwina makumi asanu, bwana.”

“Mazana atatu ndi khumi ndi awiri.” Anatsegula fayilo n'kunyambita chala. “Tingotengako tsiku limodzi. Lachinayi lapitalo munali m'mizinda inayi nthawi imodzi. M'mawa munagulitsa galimoto imene kulibe. Cha m'ma teni koloko munali mneneri, munauza mayi wina kuti mlamu wake wamukwirira mankhwala pakhomo. Masana munalemba anthu ntchito kusitima yapamadzi. Madzulo munalonjeza ukwati akazi asanu ndi awiri, ndipo mmodzi mwa iwo ndi mchemwali wanga. Mumadya chiyani kuti mukhale ndi mphamvu chonchi?”

A Halo anayesa kumwetulira, poganiza kuti nkhani ikupepuka. Mayiyo sanamwetulire. Analoza pawindo. Pabenchi ya panja panakhala nkhalamba yoonda, chipewa chili pamaondo, mapazi otupa ali m'masilipasi.

“Agogo awo munawalembera kuti mwana wawo wagundidwa ndi galimoto, ali chikomokere kuchipatala, atumize ya mankhwala msanga. Anagulitsa njinga yawo. Kenako anayenda wapansi zipatala zitatu, akuvundukula makatani a odwala, mpaka anakalowa ndi kosungira mitembo. Mwana wawoyo anali kuntchito, ali bwinobwino. Kuyambira tsiku limenelo amabwera kuno tsiku lililonse kudzafunsa ngati tamupeza mwini dzina. Akuti sakufuna kumumenya. Akungofuna kumuona nkhope.”

A Halo anavula kapusi ija pang'onopang'ono n'kuifinyira m'manja. Pawindo sanayang'anenso.

“Bwana, itanani kapitawo wa kampani. Ndi amene ankandikakamiza. Akudziwa zonse.”

Kapitawo anabweradi, tayi ili yothina monga mwa masiku onse. Anawayang'ana a Halo ngati munthu amene akuyesa kukumbukira kumene anaonapo nkhope inayake.

“Ife timaphunzitsa ogulitsa athu onse kutsatira lamulo,” anatero. “Tili ndi mapepala amene anasainira. Zimene achita bambowa zatikhumudwitsa kwambiri.”

“Si inu munandikumbatira kuholo?”

“Ndimakumbatira anthu ambiri, madala.”

Kukhoti woweruza anavomereza kuti a Halo sanali wakuba. Anati iwo anali munthu amene anasiya chitseko chosatseka, n'kumawerenga olowa mosangalala. Anawalamula kusesa msika miyezi itatu, ndiponso kuti kwa zaka zisanu dzina lawo lisalembetsedwe pa nambala iliyonse ya foni. Kampani inatseka manambala onse aja tsiku limodzi, kuphatikizapo ya a Halo eni ake, imene anakhala nayo chiyambire nthawi ya chifoni chonga njerwa. Ambulera inaperekedwa kwa mayi wina amene ankafunsa chiphaso ngakhale kwa munthu wongofunsa njira.

Akuba a magalasi akuda sanadandaule. Anangotaya timakhadi tawo m'ngalande n'kukasaka chitseko china. Amene anapsa mtima anali anthu osalakwa. Dalaivala wa lole uja anataya mabwana onse amene ankamuimbira akakhala ndi katundu. Mayi wina wophika makeke anali atalemba nambala yake pachikwangwani ndi penti yamafuta. Onsewa ankadziwa kumene angawapeze a Halo, chifukwa khoti linali litawaika poyera, tsache lili m'manja. Ankasesa makoko a nthochi uku akulandira matemberero, ena ochokera kwa anthu amene kale ankawavulira chipewa.

Miyezi itatu itatha a Halo anayamba kusaka ntchito. Anamva kuti kunyumba ina yosungiramo katundu akufuna mlonda wa masana. Akusita malaya m'mawa, anapempha akazi awo mofatsa kuti akalembeko nambala yawo pafomu.

“Ayi,” anatero mayiwo, osachotsa phazi pa makina. “Makasitomala anga akaimba amayembekeza kuyankhidwa ndi telala. Pitani mukapemphe kwa apongozi anu.”

A Halo sanayese n'komwe.

Mkulu wa malo osungira katunduwo anawakonda. Anati nkhope yawo ndi yokhwima, mawu awo ndi omveka, ndipo akuoneka kuti ndi munthu wozolowera kukhala malo amodzi tsiku lonse.

“Chabwino, bambo. Ofuna ntchitoyi alipo angapo, tiganizirabe. Siyani nambala yanu, tikuimbirani.”

A Halo anatenga cholembera. Kenako anachiikanso patebulo.

“Ndilibe foni, bwana.”

Mkuluyo anaseka, poyesa kuti ndi nthabwala. Ataona kuti sakuseka naye, anakweza nsidze.

“Masiku ano? Ngakhale agogo anga a kumudzi ali nayo. Nanga akuba akabwera mudzatiuza bwanji, mudzakuwa? Munthu wopanda nambala timusaka kuti? Pepani, bambo. Itanani wotsatira potuluka.”

Anatuluka n'kuima pamsewu, dzuwa lili paliwombo. Wonyamula matumba anawadutsa foni atapanira paphewa. Mayi wina ankakalipira munthu wosaoneka, akuloza chala m'malere. Pamalo okwerera basi matumba a anthu ankalira nyimbo zosiyanasiyana, aliyense akudzisisita kuti aone ngati ndi yake. A Halo nawo dzanja linapita lokha kuthumba la thalauza, n'kukapeza mpango wopukutira thukuta. Anapukuta nkhope, nayamba ulendo wobwerera kunyumba wapansi, akukonza m'mutu mawu oti akawauze akazi awo.

Akuluakulu sananame pamene anati ichi chakoma, ichi chakoma, pusi anagwa chagada.